Ndinali Maso a Mkulu Wanga

Mphenzi inamenya mkulu wanga ine ndikuona, ndipo ndinene zoona, tsiku limenelo ndinali nditamukwiyira kale. Tinayambana chifukwa cha zigwinjiri. Mwamuna wake, alamu anga, anali atamugulira zigwinjiri zinayi zamkuwa ku sitolo ya Mmwenye, ndipo iye ankapalira nazo thonje ngati akupita ku gule. Khasu likamenya pansi, izo ngwerengwere. Ine ndinali namwali wongotha msinkhu kumene, mikono ili yopanda kanthu. Ndinapempha chimodzi chokha. Anandiseka n'kunena kuti ndidikire wanga.

Kwathu ndi kwa Tengani, kufupi ndi Shire. Inali nthawi ija amuna anali atangobwerako ku mtengatenga wa nkhondo ya Azungu, ena osabwerako n'komwe. Alamu anabwerako ndi moyo koma atawonda kwambiri, choncho amayi ananditumiza kuti ndikathandize mkulu wanga kupalira, poti anali ndi ana awiri aang'ono. Kuchokera kwathu kukafika kumudzi kwa alamu unali ulendo wonyamuka m'mawa n'kukafika dzuwa lili paliwombo.

Masana amenewo mtambo unatsika kuchokera kumapiri uli bii. Tinasenza makasu n'kuyamba kuthamangira kumudzi. Titafika pa mgwalangwa wautali umene unali m'malire a munda, mkulu wanga anakumbukira kuti tasiya chikho cha madzi m'mizere, ndipo anatuma ine, monga amachitira akulu onse. Ndinabwerera ndikung'ung'udza. Iye anaima pansi pa mgwalangwa, khasu lili paphewa, kundidikira. Nditatola chikho n'kucheuka, dziko lonse linayera mbee, kenako ndinangopezeka ndakhala m'matope osadziwa kuti ndagwa liti. Mgwalangwa unkayaka kunsonga mvula ikugwa.

Ndinamupeza atagona chafufumimba, patali ndi pomwe anaima. Nsalu inali itang'ambika, tsitsi la mbali imodzi litapsa, m'khutu lamanzere mukutuluka magazi. Pamene panali zigwinjiri panali zilonda zamoto zozungulira mkono, mizere inayi. Ndinakuwa mfuu ya maliro, ndipo anthu anabwera akudziwa kuti akukanyamula mtembo. Alamu ndi amene anaika khutu pachifuwa pake n'kunena kuti akupuma. Miyendo yake inali yozizira ndipo sankaimva ngakhale titamutsina, koma m'mawa mwake anayamba kugwedeza zala. Kuyambira paphewa kutsika pachifuwa panatuluka mizere yofiirira yokhala ndi nthambinthambi. Anthu a midzi ina anabwera kudzaiona, ndipo patapita masiku atatu inazimirira yokha.

Sing'anga anatisambitsa mankhwala tonse a pakhomopo, n'kuletsa kuti wina asatole kanthu pa mgwalangwa uja. Anthu ankanong'onezana kuti mphenzi siigwa yokha, pali wanjiru amene anaitumiza. Palibe anandiloza chala, ndinali mwana, komabe mtima unkandigunda ndikamva mawu amenewo.

Pofika nthawi yokolola mapira anali atadzuka. Khutu lamanzere ndilo linagontheratu. Ankaiwala pamene waika zinthu, mutu unkamuwawa mitambo ikasonkhana, ndipo bingu likagunda ngakhale kutsidya kwa Shire ankanjenjemera thupi lonse. Tonse tinati zatha, wapulumuka. Maso anayamba pambuyo pake. Poyamba ankangotuluka misozi akakhala padzuwa. Kenako anayamba kudandaula kuti kunja kuli nkhungu, pamene kumwamba kuli ngwee. Tinadzazindikira bwino nthawi yosankha thonje. Thonje lisanapite kumsika tinkalisankha, loyera palokha, lothimbirira palokha, chifukwa ogula sankafuna losakaniza. Mkulu wanga, amene pa ntchito imeneyi ankatiposa tonse, anasakaniza mkeka wonse. Alamu anamugwira chibwano n'kumuyang'ana m'maso, ndipo anapeza kadontho koyera pakati pa diso lamanja.

Chaka chisanathe ng'ala inali itakuta diso limenelo, lamanzere n'kutsatira. Ankangodziwa kumene kuli dzuwa, ndi kuti kwacha kapena kwada, basi. Alamu anayenda naye kwa asing'anga atatu, amene anamudonthezera zowawa mpaka maso anatupa. Anakafika nayenso kwa dokotala wa ku boma. Iye anati ndi mphenzi yomwe ija, imaononga diso m'kati pang'onopang'ono munthu akuganiza kuti wachira, ndipo analibe chomuchitira.

Bambo athu anali Msena, alamu nawonso Msena, ndipo ukwati wa mkulu wanga unali wolowola. Kwa Asena kuli mwambo wa nthena. Mkamwini akaonetsa khalidwe, makolo a mkazi amamuthokoza pomupatsa mng'ono wa mkaziyo kuti akhale mkazi wachiwiri. Akuluakulu anakhala pansi n'kunena kuti munthuyu sanataye mwana wathu atachita khungu, ndipo ana aja akufuna wowalera, mlendo angadzawazunze. Anandiitana. Amayi anali atayamba kale kulira poganiza kuti ndikana. Ine ndinazyolika monga amachitira namwali waulemu, koma mumtima ndinkavina. Alamu ndinkawafuna kuyambira kale. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, woseka ndi maso. Ndinkadziuza kuti uko kuli mkazi wakhungu, wogontha khutu limodzi, woiwalaiwala, kuno kuli ine ndi maso anga awiri owala bwino. Sindinkaona cholimbirana.

Anandimangira nyumba yanga pafupi ndi ya mkulu wanga. Masiku ankatigawira mofanana, pamenepo sindingawanamizire. Ntchito ndiyo sinagawidwe. Kutunga madzi ku Shire, diso limodzi lili pa mtsuko lina lili pa ng'ona, ine. Kusinja mchewere, ine. Kupalira thonje, kupita ku dimba madzi akaphwera, kusambitsa ana, ine ndemwe. Pamwamba pa zonsezo ndinali maso a mkulu wanga. Kulikonse ndinkamutsogolera ndi ndodo yansungwi, ine ndagwira kuno iye wagwira uko. Ndipo ankafunsa mosalekeza. Shire wafika pati, mapira acha kapena ayi, mwana wamng'onoyu akufanana ndi yani, amene wadutsa apoyo osapereka moni ndi ndani. Chilichonse ndanena ankachitenga momwemo, poti analibe poyerekezera.

Zonsezi ndikanazipirira, ndinali ndi mphamvu ngati mwamuna. Chimene chinkandidya ndi alamu. Ngakhale anali amuna anga tsopano, pakamwa panga panazolowera kuti alamu, ndipo iwonso sanavutike kundiletsa. Mkulu wanga iwo ankamuitana kuti inu, ine n'kukhala iwe mpaka kalekale. Akabwera kumadzi ndi nsomba, m'malo mokadya ndi amuna anzawo monga mwa mwambo, ankakhala pakhonde la mkulu wanga, kudzanja lake lamanja kumene kunali khutu lomva, n'kumamuchotsera minga imodziimodzi. Nsombazo ndaphika ine. Anthu ankawaseka kuti anadyetsedwa khuzumule, iwo osalabadira. Tsiku langa likafika, mawu oyamba polowa m'nyumba mwanga anali akuti, "Akulu ako adya?"

Koma chopweteka koposa chinali kayang'anidwe kawo. Anthu ambiri sankatha kuyang'ana maso oyera aja. Alendo ankalankhula naye akuyang'ana pansi, ana a anzathu ankathawa. Alamu ayi. Mkulu wanga akamatong'ola chimanga pakhonde, iwo ankasiya ukonde umene akusoka n'kumangomuyang'ana kumaso, nthawi yaitali, nkhope yawo itafewa ngati ya munthu amene wamwa madzi atavutika ndi ludzu. Mwiniwake sankadziwa. Amene ankaona ndine ndekha, nditaima pamtondo, munsi uli m'manja. Ine sanandiyang'anepo choncho ngakhale kamodzi, ngakhale nditadzola mafuta ansatsi mpaka kunyezimira. Ndinkachita nsanje ndi munthu wosaona, nsanje yoti chakudya sichinkatsika kukhosi.

Nditadandaula kwa amayi anangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinadekha mvula ziwiri. Mimba sinabwere, ndipo nkhono sinatulutse maso.

Chaka chimenecho thonje linabereka bwino. Ndinathyola ine, ndinasankha ine, ndinathandiza kusenza mpaka kumsika. Alamu anatsalira kusitolo, ndipo madzulo anafika ndi nsalu ziwiri. Imodzi inali biriwita, yakuda ija imene amavala aliyense. Inayo inali yofiira, ya maluwa achikasu, yoti mudzi wonse unali usanaionepo. Mtima wanga unadumpha. Ndani angagulire munthu wakhungu maluwa? Ndinapukuta manja n'kugwada kuti ndilandire.

Anandipatsa biriwita.

"Iyi ndi yolimba," anatero. "Iwe uli pantchito, ya maluwa ingakuthere msanga."

"Takhuta," ndinathokoza, mano ali olumana.

Yofiira ija anaiika pamiyendo pa mkulu wanga. Iye anaisisita, anainunkhiza, n'kufunsa kuti ndi yotani.

"Iwe, sendera kuno," alamu anandiitana. "Uwauze akulu ako mmene iliri. Ine za maluwa sindizidziwa kulonga."

Ndinasendera. Ndinanena kuti ndi yofiira ngati tsabola wakupsa, kuti maluwa ake ndi achikasu, akuluakulu pakati, ang'onoang'ono m'mphepete. Ndinamugwira chala n'kumachiyendetsa pa duwa lililonse. Iye ankaseka ngati mtsikana, alamu akumuyang'ana ndi nkhope yawo ija.

M'mawa mwake alamu anapita kumadzi. Kunkatentha kutentha kwa kwathu kuja, koti ngakhale mbuzi zimakana kutuluka pamthunzi. Ndinamusambitsa mkulu wanga kuseri kwa nyumba, n'kumuveka nsalu yake yatsopano, ndipo inamukhala, sindingakane. Kenako ndinakhala kumbuyo kwake n'kumamupesa tsitsi. Ana anali kosewera.

"Mng'ono wanga," anatero, "ndikufunse kanthu, koma usandinamize."

"Funsani, akulu."

"Maso angawa akuoneka bwanji?"

"Ayera."

"Ndikudziwa kuti ayera. Ayera ngati chiyani?"

"Ngati a nsomba yophika," ndinayankha. Zinali zoona, ngakhale ndikanatha kupeza mawu ena.

Anayendetsa zala pa nsalu. Kenako anafunsa motsitsa mawu, mwamanyazi ngati namwali.

"Nanga bambo a anawa, akamalankhula nane, amandiyang'ana?"

Apa ndi pamene ndinayenera kumuuza zimene ndinkaona tsiku ndi tsiku nditaima pamtondo. Yankho linali pakamwa lokonzeka, ndipo likanamusangalatsa kuposa nsalu khumi. Koma ndinayang'ana maluwa aja, ndinayang'ana biriwita wanga. Ndinati nsalu watenga, nsomba zopanda minga watenga, ichinso atenge kudzera pakamwa panga?

"Amayang'ana kumbali," ndinatero.

"Wati bwanji? Uli kukhutu lakufa."

Sanamve. Ndinali nditakhala kumanzere kwake, ndipo mawu anga anagwera m'khutu limene mphenzi inatseka. Ndikanatha kuseka n'kunena zina, palibe akanadziwa. Zimenezi ndaziganizira zaka zonsezi, ndipo sindingati lilime linangoterereka. Ndinadzuka, ndinazungulira, ndinakhala kumanja kwake, n'kubwereza momveka bwino.

"Ndati amayang'ana kumbali."

"Masiku onse?"

"Masiku onse. Nthawi zina amatsinzina. Musawaimbe mlandu, akulu, ndi munthu wachifundo. N'chifukwa chake amakuchitirani zonsezi."

Sanalire. Anangoti, "Ooh," n'kundiuza kuti ndimalize kupesa.

Kuyambira tsiku limenelo analeka kukhala pakhonde. Nsalu ija anaipinda n'kuiika pansi pa mkeka. Akatuluka ankafunda chinsalu chakale kumutu n'kuchikokera mpaka pamphuno, kutentha konse kuja. Alamu atabwera ndi nsomba n'kukhala kumanja kwake, iye anakoka mbale n'kunena kuti manja ali nawo. Tsiku lake likafika ankati mutu ukumuwawa, apite kwa mng'ono wake. Alamu anasokonezeka. Anandipeza ku dimba n'kundifunsa.

"Iwe ndiwe umakhala nawo. Alakwiridwa ninji?"

"Kaya," ndinatero, ndikupitiriza kukumba mbatata.

Palibe anandiganizira. Aliyense ankadziwa kuti mphenzi imasokoneza mutu, kuti womenyedwa amasintha mtima, lero kuseka mawa kukwiya popanda chifukwa. Anthu anati ndi matenda aja abwereranso mwa njira ina. Alamu anagwira nkhuku n'kupita naye kwa sing'anga, ine nditagwira ndodo kutsogolo. Sing'anga anamutemera mphini m'mutu. Ine ndinali pomwepo, ndikumugwirira mapewa kuti asagwedezeke.

Ndisabise, mwezi woyamba ndinakondwa. Alamu ankagona kwanga masiku onse, ankadya kwanga, ndipo akazi anzanga kumtsinje anayamba kundipatsa ulemu wa mwini khomo. Ndinanenepa. Ndinkati pang'onopang'ono azolowera, aona kuti mkazi wamaso ali pano. Chimene sindinafune kuona n'chakuti akakhala pakhomo panga ankakhala moyang'ana nyumba inayo.

Mvula yoyamba itagwa, mkulu wanga anapempha kubwerera kwa amayi. Ankhoswe anabwera n'kukhala pansi pa mtengo. Anamufunsa ngati amamenyedwa, anati ayi. Ngati amamanidwa chakudya kapena chovala, anati ayi. Ngati mng'ono wake amamuzunza, anati mng'ono wake ndiye maso ake, alibe naye chifukwa. Anangoti watopa, akufuna kukapuma kwawo. Kenako alamu analankhula.

"Ndakulakwirani ninji, mai? Longani pano pa anthu, ndipepese."

"Nkhabe, simunalakwe," iye anayankha ali m'chinsalu chake. "Mwandisunga kokwanira. Munthu asamasenze katundu mpaka kuthyoka khosi."

"Katundu wake uti?"

Alamu anamuyang'ana, misozi ikutsika poyera pamaso pa ankhoswe, mwamuna wamkulu amene anapirira mtengatenga. Iye sanaione misoziyo. Ine ndinaiona, ndipo ngakhale pamenepo chimene ndinamva choyamba sichinali chisoni. Ndinadzifunsa ngati ine nditachoka angalire choncho.

Ankhoswe anati apite akapume, mtima ukatsika adzabwerera. Ana anatsala, chifukwa kwa olowola ana ndi a bambo. Mkulu wanga sanabwererenso. Alamu anapita kukamutenga kangapo, iye osatuluka m'nyumba, ndipo mkulu wanga anamwalira kwa amayi patapita mvula zinayi. Ine ndinakhala ndi alamu mpaka ukalamba wawo, ndinawabalira ana, ndinalera a mkulu wanga ngati anga. Sindinawauze, ndipo sindinauzepo wina aliyense mpaka pano.

Tsiku lonyamuka alamu anafuna kumuperekeza okha, koma iye anakana, anati amutenge mng'ono wake. Tinanyamuka m'mawa, ine kutsogolo mtolo wake uli pamutu, ndodo ili pakati pathu. Ana anatitsatira mpaka pamalire a mudzi, wamng'ono akulira, ndipo azakhali awo anawabweza. Njira inali yonyowa, ikudutsa m'minda ya mapira ongomera kumene. Tinayenda nthawi yaitali. Ndinkamva kulemera kwake kumapeto kwa ndodo, akakoka pang'ono ndinkadziwa kuti ndachita changu. Kangapo konse ndinatsegula pakamwa. Mawu oti ndimuuze zoona anali ochepa, okwana mpweya umodzi, ndipo tikanatembenuka pomwepo n'kukafika kunyumba nsomba zisanaphikidwe. Koma ndikaganiza zobwerera pamtondo paja n'kumaoneranso anthu awiri ali pakhonde, pakamwa pankatsekeka.

Titayandikira kwathu, tambala wa kumudzi akumveka, iye anaima. Ndodo inandikoka, ndipo ndinacheuka. Anali atachotsa chinsalu kumaso, poti kunalibe wina womuona koma ine.

"Mng'ono wanga, anthu amati chibale ndi fupa, sichiola. Ndaona kuti n'zoona."

"Mukutanthauza chiyani, akulu?"

"Unandichitira bwino kundiuza. Wina akanandinamiza kuti andikondweretse, ine n'kumakhala pakhonde paja ndikuseka ngati chitsiru, munthu akuvutika kundiyang'ana. Ndiwe wekha unandimvera chisoni. Takhuta."

Anatambasula dzanja kufunafuna nkhope yanga, n'kundisisita patsaya. Dzanja lake linali lofunda. Anali kumwetulira, maso ake oyera ali pa ine, akudikira kuti ndinene kanthu. Ndinali kumanja kwake, ndipo chilichonse ndikananena akanachimva.

"Tiyeni, akulu," ndinatero. "Kwezani phazi, apa pali muzu."